Chikwama cha Mayi Gunila

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi,
ndikutola timipira tosochera m'mphepete mwa nzimbe ku Nchalo
n'kumagulitsa kwa mabwana a kufakitale Loweruka masana.
Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
abuluzi atalowa pansi pa miyala,
anafika mzimayi wa ku Swideni, tsitsi ngati ndevu za chimanga,
nsalu itakulungidwa pa mfundo ya dzanja lamanzere.
Anyamata anathamangira azibambo amimba, odziwa kupatsa.
Chikwama chake chinatsalira ine.

Chinkalemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.
Anati, Dzina? Ndinati, Esinala Zuze.
Anati, Esinala, mphepo ikuchokera kuti?
Ndinaloza kumtsinje.
Anathothola udzu, nauponya m'mwamba,
udzu unagwera pa nsapato zake zomwe.
Tinaseka. Kuno masana mphepo imagona.

Sankamenya ngati azibambo aja, okhala ngati akupha njoka.
Ndodo inkapita kumbuyo mwaulesi, n'kubwerera yokha,
thwa! ngati phesi louma lathyoka,
kampira n'kuwoloka pamwamba pa mlambe
umene ena onse ankauzungulira.

Tili pa dzenje lachisanu, anatentha munda kutsidya kwa ngalande.
Phulusa linayamba kugwa, lakuda, lopepuka,
pa chipewa chake, pa udzu wometedwa.
Anatambasula chikhatho.
Anati kwawo kumagwanso chotere, koma choyera,
miyezi isanu osaona dothi,
ndipo iye anaphunzirira m'khola la ng'ombe la bambo ake,
kampira kakugunda chiguduli chopachika pa mtanda,
zala zitauma gwa ndi chisanu.

Zina ndinazitola pang'onopang'ono, masiku anayi,
Chingerezi changa cha Sitandade 7 chikutsimphina.
Zaka makumi awiri m'mayiko a eni ndi chikwama chomwechi.
Kugona m'galimoto yahayala ndalama zikatha.
Lachisanu lililonse ankadula mndandanda wa mayina pakati,
ogwera kunsi kwa mzere n'kulongedza opanda ngakhale tambala.
Chikho anapambana chimodzi, mvula ikugwa, oonera atathawa.
Koma panali kampira kena, kotalikira mkono umodzi wokha,
kamene kananyambita mlomo wa dzenje n'kukana kulowa.
Kameneko ndi kamene kankamudzutsa usiku.

Ndinati, kwathu ku Bereu madzi analowa tili mtulo.
Bambo anagwira mbuzi ziwiri, yachitatu inapulumuka m'manja.
Ziwirizo zinaswana, khola linadzaza,
koma mpaka lero akamwa amanena za yachitatuyo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako anasolola ndodo, nandipatsa.

Ndinaphonya.
Kachiwiri ndinakumba ngati ndikubzala mbatata.
Kachitatu kampira kanagubuduka mapazi khumi,
mlonda anaseka mpaka kutsokomola.
Iye sanaseke. Anasuntha chala changa chachikulu pang'ono chabe,
nati, Usakakwiyire. Sikanakulakwire.

Anachoka Lachitatu m'mawa, pa msewu wa ku Thabwa.
Kalata sinabwere, ndipo sindinkaiyembekezera.
Anandisiyira ndodo yolembedwa 7,
chogwirira chitaperepeseka pamene pankakhala chala chake.
Mayi anathyolera nayo masawu zaka zitatu.
Inaphanso mphiri kuseri kwa bafa.

Lero ndimalemba kulemera kwa malole a nzimbe pa sikelo.
Sindinapite ku mpikisano uliwonse.
Ku kalabu sindilowa, khadi lake ndi malipiro anga a miyezi iwiri.
Koma Lamulungu, anyamata a mpira akachoka pa bwalo la sukulu,
ndimaika kampira kachikasu, kong'aluka, pa chulu chaching'ono.
Mwana wanga Tereza amaima patali ndi chitini.
Dzulo kanauluka kupitirira golo, kupitirira chimbudzi cha aphunzitsi,
kanakagwera m'mapira a eni.
Tinakafunafuna mpaka udzudzu unatithamangitsa.
Tereza akuti mawa, akaweruka, akayang'ananso.